KHOMO LA MSILIKALI PAMENE MWANA ALI KUTSIDYA KWA NYANJA

Nkhani ya madzulo ano ikunena za khomo limene mwana wake wamwamuna ali pa ntchito ya usilikali m'dziko lakutali. Mabuku a mbiri amasimba za magulu a nkhondo, za akuluakulu amene anawatsogolera, ndi za malo amene anamenyanapo; koma za mayi amene anatsala alikupalira chimanga, ndi za mwana amene anafunsa usiku ndi usiku kuti atate ake adzabwera liti, mabukuwo sanena zambiri. Komatu msilikali aliyense amachokera pakhomo, ndipo ntchito yake ikatha amabwerera pakhomo pomwepo. Akapeza munda uli thengo, mkazi ndi apongozi ake asakulankhulana, ana atasiya sukulu, mendulo imene wabwera nayo siingathe kukonza zimenezo. Chifukwa chake omvera a ku Malawi, a ku Zambia ndi a ku Zimbabwe amene ali ndi mwana, mwamuna kapena mlongo wao kunja, atchere khutu, pakuti nkhaniyi ndi yao.

Kupita kwa anyamata a kuno ku maiko akutali kunayamba kale. Pa 1 Januwale 1902 magulu a asilikali a kuno ndi a kum'mawa kwa Afrika anaphatikizidwa nakhala King's African Rifles, ndipo mabataliyoni awiri oyamba anali a ku Nyasaland, dziko limene lero ndi Malawi. Koma chakacho chisanafike, anyamata a kuno anali atatumizidwa kale ku chisumbu cha Mauritius mu 1899, ndi ku Ashanti, m'dziko limene lero ndi Ghana, mu 1900. Mu 1914, nkhondo yaikulu yoyamba itangobuka, Mbusa John Chilembwe wa ku Mbombwe analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times, nadandaula kuti anthu osauka alikufa pa nkhondo ya eni ake, nasiya akazi amasiye ndi ana amasiye m'umphawi. Dandaulo lakelo linali la pakhomo, ndipo funso limene linali m'katimo likadalipo: msilikali akachoka, asamala otsala ndani?

Pa nkhondo yaikulu yachiwiri maulendo anatalikirapo. Mu Julayi 1940 asilikali a ku Nyasaland anamenya nkhondo ku Moyale, pa malire a Kenya ndi Ethiopia. Mu Ogasiti chaka chomwecho asilikali a Northern Rhodesia Regiment anali ku Tug Argan, ku Somaliland. Mu 1942 ena anaoloka kunka ku Madagascar, ndipo mu 1944 gulu lalikulu la asilikali a kuno ndi a kum'mawa kwa Afrika linatsika chigwa cha Kabaw ku Burma, m'nyengo ya mvula ndi matope, mpaka linafika pa mtsinje wa Chindwin. Maina amenewa anabwera kuno pamodzi ndi eni ulendo, napatsidwa kwa makampu a asilikali: Moyale ku Mzuzu, Tug Argan ku Ndola, Chindwin ku Kabwe, Arakan ku Lusaka. Mwana wa sukulu amene awerenga dzina lotere pa chipata alikuwerenga dzina la malo kumene agogo a agogo ake anagona pansi mvula ilikugwa.

Nkhondoyo itatha, panapita zaka zowerengeka chabe, ndipo kuitana kunabweranso. Mu 1948 ku Malaya, dziko limene lero ndi gawo la Malaysia, kunabuka nkhondo ya m'nkhalango pakati pa boma la Angerezi ndi ankhondo a chikomyunizimu, ndipo inatha mu 1960. Bataliyoni yoyamba ya King's African Rifles inafika kumeneko kumayambiriro kwa 1952. Yachiwiri inailowa m'malo mu 1953. Northern Rhodesia Regiment inatsatira mu 1954. Ndipo Rhodesian African Rifles inakhalako kuyambira 1956 mpaka 1958. Motero m'zaka zimenezo maiko onse atatu anali ndi makomo odikira mwana wochokera ku Malaya. Ntchito ya kumeneko inali kuyenda masiku ambiri m'nkhalango yowirira, yamdima ngakhale masana, pakati pa misundu ndi udzudzu, kufunafuna mdani amene kawirikawiri sanali kuoneka.

Tsono omvera ayerekeze khomo limodzi la m'mudzi wina kufupi ndi Zomba m'chaka cha 1952. Pakhomopo pali nkhalamba ziwiri, atate ndi amai a msilikali, pamodzi ndi mng'ono wake wa zaka khumi ndi ziwiri. Mkazi wa msilikaliyo sakhala pomwepo. Monga mwa mwambo wa chikamwini, iye ali kwao, m'mudzi wa amai ake, mtunda wa maola awiri pa miyendo, pamodzi ndi ana atatu, ndipo woyang'anira anawo ndiye malume wao. Motero mwamuna mmodzi wachoka, koma mipata yatsala pawiri: kwa amene anamubala, ndi kwa amene iye anabala. M'madera a chitengwa, monga kumpoto kwa Malawi ndi pakati pa Angoni ambiri a ku Chipata, mkazi amatsala pamudzi pa mwamuna wake, ndipo vuto limakhala lina, la mtengwa wokhala pakati pa apongozi popanda womuimira. Koma konse kuwiri chofunika n'chimodzi, kuti makomo awiriwo akhale pa mtendere.

Chinthu choyamba chimene chimaonetsa kuti munthu wachoka ndi munda. Mu Okutobala, dzuwa litatentha, mizere iyenera kukhala itatha, kuti mvula yoyamba ikagwa mbeu ilowe pansi. Ntchito imene anali kugwira anthu awiri tsopano ili pa khasu limodzi. Denga lifunika udzu watsopano, nkhokwe ifunika kumatidwa, khola la mbuzi lathyoka mzati. Pamenepa m'pamene nzeru ya makolo imathandiza. Mkazi amafulula thobwa, naitana abale ndi anansi ku dima, ndipo munda umene akadalima mwezi wathunthu umatha masiku awiri. Mng'ono wa msilikali amapita Loweruka kukathandiza alamu ake kufolera. Akulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo mau amenewa pakhomo pa msilikali si mwambi chabe, koma ntchito ya tsiku ndi tsiku. Anthu a nthawiyo anali kukumbukira bwino njala ya 1949, imene inasautsa kwambiri chigawo cha kum'mwera, ndipo anadziwa kuti ambiri amene anavutika koposa anali akazi amene amuna ao anali kutali ndipo sanali kutumiza kanthu.

Chinthu chachiwiri ndi ndalama, ndipo apa m'pamene makomo ambiri amapunthwa. Msilikali anali kutha kupatula gawo la malipiro ake kuti lizilandiridwa kwao kudzera ku boma. Koma ndalamayo ndi ya yani? Amai ake amati, mwanayu ndinamubala ndine. Mkazi amati, ana ake ali ndi ine. Malume wa anawo ali ndi mau, mlongo wa msilikali ali ndi mau akenso, pakuti pa mwambo wa kuchikazi ana a mlongoyo ndiwo mbumba yake. Onsewa alikunena zoona, ndipo chifukwa chake mlandu wotere sutha msanga. Khomo lanzeru limakambirana za ndalama mnyamata asanakwere galimoto, pamaso pa ankhoswe a mbali zonse ziwiri: zakuti ndi za fizi ya sukulu, zakuti ndi za nkhalamba, zakuti zisungidwe ku positi ofesi kufikira mwini wake atabwera. Mwana wa sukulu amalemba m'kabuku chilichonse chimene chalowa ndi chimene chatuluka. Kabuku kotere n'kotchipa, koma kamaletsa mau ambiri owawa.

Chinthu chachitatu ndi kalata. Masiku amenewo kalata inali kufika pa keyala ya sukulu, ya mishoni kapena ya mfumu, ndipo inali kuyenda m'manja ambiri isanafike kwa mwini wake. Amai osadziwa kuwerenga anali kuitana mdzukulu kapena mphunzitsi, nakhala pamphasa, manja pa maondo, namvetsera mau a mwana wao alikutuluka m'kamwa mwa wina. Ikatha anali kunena kuti, “Bwerezanso pamene akunena za chakudya paja.” Kuyankha kwake kunali kovutirapo. Pali ena amene anali kudzaza pepala lonse ndi madandaulo: mbuzi yafa, uje wanditukwana, akazi ako anawaona kumsika. Munthu amene ali m'nkhalango, mfuti ili paphewa, sangathe kuweruza mlandu wa mbuzi. Chimene angathe ndi kusowa tulo, ndipo msilikali wosowa tulo ali pangozi, iye ndi anzake omwe. Komanso si bwino kumunamiza. Maliro, matenda aakulu ndi kubadwa kwa mwana ayenera kuuzidwa msanga, ndi munthu wa pakhomo, asanazimve kwa ena. Kalata yabwino imanena zoona, niyamba ndi zimene zili bwino: chimanga chafika m'chiuno, wamng'ono wamera mano awiri, wamkulu wakhoza mayeso. Ndipo pansi pake mwana aliyense alembepo mzere wake, ngakhale zilembo zikhale zokhotakhota.

Mdani wamkulu wa khomo lodikira ndi mphekesera. Munthu amamva kuti ku Malaya kwafa asilikali, nathamangira kukauza mayi kuti mwana wake wafa. Pofika madzulo mudzi wonse ulikulira munthu wamoyo. M'zaka zimenezo chinthu chimodzi chinathandiza kuchepetsa bodza lotere. Wayilesi ya ku Lusaka, imene inayamba mu 1941 kuti izipereka nkhani za nkhondo, inali kumveka m'maiko onse atatu, ndipo mu 1949 kunabwera kawayilesi kotchipa ka batire kotchedwa Saucepan Special, chifukwa kanali kooneka ngati sefuliya, ka mtengo wa mapaundi 5. Pamudzi pamene mphunzitsi kapena mwini sitolo anali nako, anthu anali kusonkhana madzulo kudzamva okha. Lamulo la nthawiyo likadali labwino lero: uthenga wa imfa kapena wa kuvulala kwa msilikali umachokera kwa akuluakulu a ntchito yake. Umene wachokera pa chitsime kapena pa mowa uyambe wadikira.

Tsono nkhani ifike pa ana, pakuti iwo ndiwo amamva kusowa kwa atate ao koposa, ngakhale sadziwa kukufotokoza. Wina amayamba kukodza pogona ali wamkulu kale, wina amachita ndeu kusukulu, wina amangokhala chete pakhonde. Akulu amakhala otanganidwa ndi munda ndi nkhawa zao, nayesa kuti mwana akakhuta ndiye kuti ali bwino. Koma mwana amene amangoona nkhope zakugwa tsiku ndi tsiku amaganiza kuti pali choipa chimene alikumubisira. Mankhwala ake amodzi ndi osavuta, ndipo safuna ndalama zambiri: kutenga ana ndi kupita nao kwina kwake tsiku limodzi, kuti aone kuti dziko likadali pomwe linali, ndi kuti akulu akadali ndi mphamvu ya kuseka.

Khomo lija la kufupi ndi Zomba lingachite chotere. Chimanga chitalowa m'nkhokwe, mu Juni, agogo aamuna amatumiza mau kwa apongozi ao kuti Loweruka adzukulu adzaperekezedwe. Mkazi amaphika kamba usiku: mbatata, chigumu, mtedza wokazinga, ndi thobwa m'botolo. M'mamawa amakumana pa mphambano, ndipo mkaziyo amagwada patali pang'ono, napereka moni kwa apongozi ake, iwo nayankha kuti, “Mwadzuka bwanji, amake ana? Tiyeni, dzuwa lingatipsereze.” Amayamba ndi msika wa Zomba, kumene ana amaona nsomba zouma za ku nyanja ya Chilwa, mpunga, madengu ndi mbiya, ndipo aliyense amagulidwa kachidutswa ka nzimbe. Atachoka apo amapita pa chipilala cha njerwa chokhala ndi wotchi, chimene chinamangidwa kufupi ndi kampu kukumbutsa asilikali a King's African Rifles amene anafa pa nkhondo. Pamenepo agogo amavula chipewa, ndipo ana amaona okha kuti malowo ndi aulemu. Kampuyo inatchedwa dzina la Alexander Cobbe, mkulu wa asilikali amene analandira mendulo ya Victoria Cross chifukwa cha nkhondo ya ku Somaliland mu 1902, ali ndi asilikali a kuno. Ngati tsikulo kuli perete, ana amasuzumira, namva ng'oma ndi lipenga, naona anthu ovala monga atate ao. Kuyambira tsiku limenelo mau akuti usilikali amakhala ndi nkhope.

Masana amakapuma m'munda wa mitengo ndi maluwa umene uli m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi, umene unayambidwa mu 1891 ndi Alexander Whyte. Amadya kamba wao pamthunzi, ana alikuponya timiyala m'madzi. Amene ali ndi miyendo yolimba angathe tsiku lina kukwera phiri la Zomba, limene nsonga yake ipitirira mamita 2,000, kumene munthu amaona nyanja ya Chilwa ilikunyezimira kum'mawa, ndi phiri la Mulanje litaima kum'mwera kwake. Pamalo otere m'pamene mwana amafunsa funso limene wakhala nalo mumtima miyezi yambiri.

“Agogo, kodi atate ali kuseri kwa phiri ilo?”

“Iyayi, mdzukulu wanga. Kuseri kwa phirilo kuli dziko la Mozambique. Ukadutsa dzikolo ufika pa nyanja yaikulu yamchere, imene sitima imayendapo masiku ambiri osaona mtunda. Kutsidya kwake n'kumene kuli atate ako.”

“Nanga dzuwa ili alikuliona?”

“Analiona kale iwe usanadzuke. Limayamba kwa iwo, kenaka n'kubwera kwa ife. Pamene ife tikudya nsima ya masana, kwao kuli pafupi kuda.”

Yankho la nkhalambayo ndi loona, pakuti nthawi ya ku Malaya ili patsogolo pa ya kuno ndi maola pafupifupi 6. Ndipo taonani chimene mwanayo wapindula. Wadziwa kumene atate ake ali, wadziwa kuti n'kutali koma kuli njira, ndipo wapeza chinthu chimodzi chimene iye ndi atate ake alikugawana tsiku lililonse. Lolemba akapita kusukulu adzapempha aphunzitsi kuti amuonetse Malaya pa mapu. Adzamva kuti anthu a kumeneko amadya mpunga, ndi kuti amalima mitengo ya mpira yonga imene imalimidwa ku Vizara, m'boma la Nkhata Bay. Ndipo m'kalata yotsatira mudzakhala nkhani yoti atate ake aiwerenge kawiri.

Si onse amene ali pafupi ndi Zomba, koma palibe dera lopanda poti n'kupitako. A ku Blantyre ali ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Chichiri. A ku Livingstone ali ndi nyumba yotere imene inayamba mu 1934, ndiponso mathithi a Mosi-oa-Tunya. A ku Bulawayo ali ndi Centenary Park, a ku Harare ali ndi Harare Gardens, a kunyanja ali ndi gombe pamene asodzi amakokera makoka. A kumudzi ali ndi tsiku la msika, mpira wa pa sukulu, ndi magule a chilimwe. Ndipo magule ena ndi ana a usilikali womwewu. Malipenga a ku Nkhata Bay ndi ku Karonga, mganda wa m'chigawo cha pakati, beni wa Ayao, ndi kalela amene anatchuka m'migodi ya ku Copperbelt, onsewa anatengera mayendedwe ndi maudindo a pa perete, anthu nawasandutsa chisangalalo. Mwana wa msilikali akaonerera anyamata ovala zoyera alikuguba m'mizere ndi malipenga a zikho, amaseka, koma amaonanso kuti ntchito ya atate ake inalowa kale m'moyo wa mudzi.

Ulendo wa ana uli ndi malamulo ake ochepa. Ukhale waufupi molingana ndi miyendo ya wamng'ono pa onse. Kamba ndi madzi zichokere kunyumba, kuti ndalama ya fizi isathere pa mandasi. Ana a pakhomo loyandikana atengedwe nao, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Pamadzi ndi pamseu wamkulu dzanja la mwana likhale m'dzanja la mkulu. Ndipo tsikulo milandu itsale kunyumba. Ulendo umene agogo ndi amai a ana ayendera limodzi umachitanso ntchito ina mwakachetechete: umatseka pakamwa pa anthu amene amafuna kudanitsa makomo awiriwo, ndipo anawo amaona kuti a kwa atate ao sanawataye.

Zaka zapita, ndipo zambiri zinasintha. Malaya inalandira ufulu wake pa 31 Ogasiti 1957. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chinayamba mu 1953, chinatha mu 1963. Mu 1964 Malawi ndi Zambia anadziimira paokha, ndipo bataliyoni yoyamba ya King's African Rifles inasanduka Malawi Rifles. Zimbabwe inatsatira mu 1980. Koma makomo odikira sanathe. Mu 2013 asilikali a Malawi anapita kum'mawa kwa Democratic Republic of Congo pansi pa mbendera ya United Nations, pamodzi ndi a Tanzania ndi a South Africa. Mu 2015 a Zambia anayamba ntchito yosungitsa mtendere ku Central African Republic. Masiku ano pa maulendo otere pamapitanso ana aakazi, kotero kuti pali makomo ena amene wodikira ndi mwamuna, ndipo wosowa ndi mayi.

Kalata ya pepala yalowedwa m'malo ndi foni ya m'manja. Ndalama imene kale inali kudikiridwa ku boma tsopano imafika pa foni tsiku lomwelo, ndipo mwana angathe kuona nkhope ya atate ake pa WhatsApp. Zimenezi ndi zabwino, koma zili ndi misampha yake. Mau okwiya amene kale akadazizira pa njira tsopano amafika akadali otentha. Mphekesera imene kale inali kuyenda ndi miyendo tsopano imazungulira dziko lonse pa Facebook dzuwa lisanalowe, nthawi zina pamodzi ndi zithunzi zosayenera kuonedwa ndi ana. Foni ikakhala chete sabata imodzi, a pakhomo amataya mtima, chonsecho mwina mnyamatayo ali kumalo kopanda netiweki. Ndiponso pali ngozi ina yatsopano: wachibale wonyada akalemba poyera kumene mwana wake ali ndi tsiku limene gulu lake linyamuke, angathe kuthandiza mdani osadziwa. Zotere zikhale za m'nyumba.

Nkhani iyi ingakhale yonyenga ikapanda kunena kuti si onse amene amabwera. Mu Novembala 2018, kufupi ndi tauni ya Beni ku Congo, asilikali 6 a Malawi anafa pa nkhondo yolimbana ndi zigawenga. Mmodzi wa iwo, Private Chancy Chitete, anaomberedwa alikupulumutsa msilikali wa ku Tanzania amene anali atavulala, ndipo mnzakeyo anakhala ndi moyo. Mu Meyi 2019, ku New York, mkulu wa United Nations, António Guterres, anapereka kwa banja lake mendulo ya Captain Mbaye Diagne, imene imaperekedwa chifukwa cha kulimba mtima kwapadera. Mu Januwale 2025 asilikali ena atatu a Malawi anafa kum'mawa kwa Congo komweko. Pakhomo lotere anthu amadzaza sabata ya maliro, kenaka n'kumwazika. Koma ubale weniweni umaoneka chaka chotsatira, pamene mvula yayandikira ndipo munda wa wamasiye sunalimidwe, pamene fizi ikufunika, pamene ena ayamba kuyang'ana malata ndi mipando ya malemu. Kulanda chuma cha mkazi wamasiye ndi ana ake ndi mlandu pa malamulo a dziko, ndipo ndi chamanyazi pa mwambo. Ana amenewo ndiwo oyamba kukumbukiridwa pamene anansi alikukonza ulendo wa kumsika kapena wa kunyanja. Ndipo mu Novembala, pamene dziko limakumbukira asilikali amene anafa pa nkhondo, wina awagwire dzanja nawatengere pa chipilala.

Koma ambiri amabwera, ndipo tsiku limenelo nkhuku imaphedwa, nthungululu zimveka mudzi wonse. Pamenepo a pakhomo akumbukire kuti wobwerayo si ndendende munthu amene anachoka. Waona zinthu zimene sangathe kuzisimba pa bwalo. Angathe kudzidzimuka usiku, kukwiya msanga, kapena kufuna kukhala yekha. Asaumirizidwe kufotokoza, adzanena yekha nthawi yake ikakwana, kawirikawiri kwa mnzake amene anayendako. Koma ngati miyezi ilikupita, tulo tosabwera, mowa ulikuchuluka, dzanja layamba kukwera pa mkazi kapena pa ana, chimenecho si choti n'kubisa: apite naye kuchipatala, pakuti mabala a m'maganizo ali ndi chithandizo monga a m'thupi. Nayenso wobwerayo adziwe kuti khomo linayenda iye kulibe. Mkazi waphunzira kugulitsa mbeu ndi kusunga ndalama. Mwana wamkulu wazolowera kufunsa amai ake. Wamng'ono, amene anamusiya ali kumsana, angathe kuthawa pomuona. Asakhumudwe, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Atenge kamwanako Loweruka, akagulire nzimbe kumsika, akayende nako m'mbali mwa mtsinje, ndipo pobwera kadzakhala kali paphewa.

Chifukwa chake, omvera, amene muli ndi mwana kunja, limani munda wake, gwirizanani pa ndalama zake, muuzeni zoona mofatsa, ndipo adzukulu musawasiye pakhonde. Amene mulibe mwana kunja, yang'anani khomo loyandikana nalo lanu. Mwina Loweruka likudzali pali ana amene alikusowa wowaperekeza. Tsalani bwino nonse, ndipo mugone bwino.